Galimoto yosamveka pa galaja ya a Khutu

Dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi akazi awo ndi a ku ofesi ya msonkho basi. Ena onse ankawatchula kuti a Khutu. Ukafika ndi galimoto pa galaja yawo, sankathamangira sipanala. Ankangoti, "Lizani," n'kupendeketsa mutu atatsinzina, dzanja limodzi lili pa boneti. Pakapita kamphindi ankanena kuti pampu ya madzi yatopa, kapena kuti galimoto ilibe vuto, vuto ndi phazi la mwini wake. Nthawi zambiri zinkakhaladi momwemo.

Sukulu sanapite nayo patali. Ntchito anaiphunzirira ku kampani yomanga misewu, komwe anatha zaka khumi ndi zinayi akugona kunsi kwa malole ndi mathirakitala. Kampaniyo itatsekedwa anatuluka ndi bokosi lachitsulo la masipanala komanso msana wosachedwa kudandaula. Anapeza malo kuseri kwa shedi yogulitsira matabwa: denga la malata, dzenje limodzi lolowamo pokonza kunsi kwa galimoto, benchi yaitali, ndi wailesi yoti kulira kwake uyambe waimenya. Ndi malo amenewo analera ana atatu mpaka onse anachoka pakhomo.

Makasitomala awo enieni anali gulu la anthu okonda magalimoto okoka ndi mawilo onse anayi, aja olowa m'matope ndi kukwera mapiri. Loweruka lililonse ankasonkhana pa benchi ija, wina ndi vuto lenileni, ambiri ndi pakamwa pokha. Panali a Dokotala ozula mano, omwe galimoto yawo yobiriwira a Khutu anali ataisamalira zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Panali a Loya, okonda chilichonse chatsopano. Panalinso mlamu wa a Khutu, mchimwene wa akazi awo, wogulitsa matayala kutsidya kwa msewu, munthu woti akavomereza mfundo ya mnzake ndiye kuti wadwala.

Loweruka lina a Loya anafika foni ili m'mwamba asanatseke n'komwe chitseko cha galimoto.

"Galimoto yatsopano yafika, anthu inu! Taonani. Mipando yachikopa, yoti imakusisita msana uli pa ulendo. Ukafika pa mtsinje umangodina batani, iyo n'kudzikweza yokha ngati munthu wopinda thalauza."

Foni inayenda m'manja m'manja. Alamu anaiyandikitsa kumaso n'kutsonya.

"Matayala ake mwawaona? Opyapyala ngati lamba wa wotchi. Mwala umodzi wosongoka, mwatsala m'tchire inu ndi mpando wanu wosisitawo."

"Nanga aigule ndani?" anafunsa wina. "Mtengo wakewo munthu akhoza kumanga nyumba, n'kutsala ndi za mpanda."

"Ogula alipo," anatero a Dokotala. "Anthu oti matope anawaponda komaliza ali ana. Azikakwera nayo kabampu ka pa geti la sukulu, madzulo n'kumauza anzawo kuti awoloka phiri."

"Nsanje imeneyo," a Loya anayankha akuseka. "Zabwera zisanu ndi imodzi, zinayi zili kale ndi eni ake. Mukaona chaka chamawa. Zikhukhuluzi zathuzi palibe adzazifune, tizidzasungiramo nkhuku." Kenako anatembenukira ku dzenje, komwe a Khutu ankamasula giyabokosi. "Ndipotu a Khutu, iyi ndiye simuigwira. Ikadwala imanena yokha pa kompyuta ya kwa ogulitsa. Munthu wina akangoimasula nati imodzi, kampani imasamba m'manja. Nthawi ya khutu yatha, madala."

Onse anaseka, a Khutu nawonso anaseka m'dzenjemo. Koma nati imene ankamasula inawapulumuka, ndipo anaifunafuna nthawi yaitali ili pafupi ndi phazi lawo.

Mawu aja anawatsatira mpaka kunyumba. Akazi awo anaona mbale ikubwerera ndi chakudya masiku atatu otsatizana.

"Kodi abambo, ndiye mwayamba kudya kwina?"

"Ndakhuta basi."

"Mwakhuta chiyani? Zaka makumi atatu ndikukuphikirani, sindinakuoneni mukusiya mnofu m'mbale."

Iwo anangoti msana ukuwawa.

Lachitatu anavala jekete lomwe anagula pa ukwati wa mwana wawo wamkazi, anatsuka zikhadabo ndi burashi, n'kupita komwe ankagulitsa galimotoyo. Inali mkati mwa nyumba yamagalasi, pansi ponyezimira poti anachita manyazi kupondapo. Mayi wogulitsa anawalandira mwaulemu.

"Bambo, mukufuna muione mkati?"

"Ayi, mayi. Nditsegulireni kutsogoloku."

Boneti itakwera anaona chivundikiro chakuda cha pulasitiki kuchokera uku mpaka uko. Panalibe poti n'kulowetsa dzanja. Anafunafuna ndi maso kachitsulo koyezera oilo, sanakaone.

"Tailizani," anatero.

"Ikuliratu, bambo."

A Khutu anapendeketsa mutu, anatsinzina, anaika dzanja pambali. Ankangomva kakamphepo ngati ka firiji. Anathokoza mayiyo, n'kubwerera wapansi ulendo wonse, ngakhale mabasi ankawaimira.

M'miyezi itatu yotsatira anthu anayi a m'gulu lija anaitanitsa yawoyawo. A Loya anali oyamba. Womaliza anali munthu yemwe a Khutu sankamuganizira n'komwe. A Dokotala anabwera Lachiwiri masana, nthawi yoti pa benchi palibe munthu, n'kukhala akuseweretsa makiyi.

"Achimwene, ndabwera ndekha kuti musamvere kwa ena. Yobiriwirayi ndikuigulitsa."

"Si inu munkanena za kabampu ka pa sukulu?"

"Ndine ndemwe. Koma bondo langali silikufunanso kilatchi. Ndakalamba, achimwene."

"Chabwino," anatero a Khutu, akupukuta sipanala yomwe inali yoyera kale. "Mukamuuze wogulayo kuti giya yachitatu imafuna kuinyengerera."

Pa galaja panayamba kuzizira. Masiku ena dzenje linkakhala lopanda galimoto mpaka dzuwa kupendeka, iwo n'kumasanja mabawuti m'zitini potsata kukula kwake. Tsiku lina anauza akazi awo kuti akuganiza zobweza malowo kwa mwini shedi, iwo akayambe kuweta nkhuku kuseri kwa nyumba.

"Ndiye nkhani yake ndi imeneyi," anatero mayiwo, akuika pansi mpeni ndi anyezi. "Miyezi yonseyi mukundinamiza za msana. Inuyo nkhuku? Mudzaziuza kuti lizani?"

"Musaseke, amayi. Dziko landisiya."

"Dikirani mvula ithe. Ikatha pa galaja pali zii, ndikathandiza ndine kumanga kholalo."

Mvula inali isanathe pamene m'mawa wina a Khutu, akumwa tiyi pa benchi, anamva kulira komwe ankakudziwa ngati chifuwa cha mwana wawo. Galimoto inali isanakhote n'komwe pa shedi ya matabwa, koma iwo anali ataimirira kale. Inali yobiriwira ija, matope mpaka pa magalasi, ndipo giya yachitatu inkachita kukukuta mano.

Munatsika mayi wamfupi wovala majombo ndi juzi yabuluu.

"Ndinu a Khutu? Ine ndine mzamba, ndimagwira pa kachipatala ka kuseri kwa mapiri uko. Galimotoyi ndagula kwa a Dokotala a mano. Anandiuza kuti ndikaipititsa kwa munthu wina, adzabwera kudzandilanda."

"Mwaitani, mayi? Ikulira ngati yamenyedwa."

"Ndaigwiritsa ntchito, bambo. Sabata ino yokha ndawoloka nayo mtsinje kasanu ndi amayi oyembekezera. Wina anachirira kumbuyoku tisanafike. Zaka zonsezi ndinkasirira galimoto yotere koma eni ake sankagulitsa. Pano akuzitaya chifukwa cha yatsopanoyo, ife tatolapo mwayi."

A Khutu analowa m'dzenje. Kunsi kunali udzu, timitengo, ndi sipuling'i imodzi yothyoka. Zaka zonse zimene inali kwa a Dokotala, galimotoyo inkalowa m'matope kamodzi pa mwezi, Lamlungu, ikabwerako n'kusambitsidwa ndi sopo wonunkhira. Tsopano inali itapeza ntchito yeniyeni. Anadzimva akuimba kamluzu, chinthu chomwe anali atasiya kalekale.

"Ndiipeza liti?" anafunsa azambawo atawerama pamphepete pa dzenje. "Ndili ndi amayi awiri oti sabata ino siitha asanachire."

"Pitani mukamwe tiyi pa kona apo. Dzuwa likamafika pamutu mubwere. Ndipo mukabwera ndikuphunzitseni giya yachitatu, musamaikankhe ngati chitseko cha khola."

Azamba aja anali oyamba chabe. Ya a Loya inagulidwa ndi mlimi wa mbatata, yemwe ankaisenzetsa matumba mpaka kumbuyo kukhudza pansi. Ina inapita kwa bambo wokumba zitsime, ina kwa mayi wogula zikopa m'midzi. Anthu amenewa sankabwera kudzacheza. Ankabwera ndi ekiselo yopindika, mabuleki odzaza mchenga, ladiyeta yobooka ndi chitsa, ndipo aliyense ankauza mnzake za mdala wa kuseri kwa matabwa. Anthu atazindikira kuti magalimoto akalewo ndi osavuta kukonza, anayamba kuwalimbirana, moti amene anali asanagulitse awo anayamba kuwaumira. Mwini shedi anadandaula kuti magalimoto akutseka njira ya malole ake, kenako anawapatsa a Khutu malo ena kumbali kuti akumbe dzenje lachiwiri.

Gulu la Loweruka silinathe. Ku nyumba yamagalasi kuja kunalibe benchi, ndipo munthu sakanatha kukangana mokweza pamaso pa mayi waulemu uja. Eni magalimoto atsopano ankaimika patali, kuopa madontho a oilo, n'kubwera wapansi.

"A Loya," anatero alamu tsiku lina, "ndamva kuti ulendo wa kumapiri uja munaisiya pothera phula, n'kukwera ya mlimi wa mbatata."

"Kunali minga, inu. Penti yake mukuidziwa?"

"Ndiye batani lopinda thalauza lija munalidina liti?"

"Ndinalidina pa geti la kunyumba. Ana anasangalala kwambiri."

Benchi yonse inagwa ndi phwete. A Loya anaseka nawo, kenako anakuwira ku dzenje: "A Khutu, ndinalankhula mopitirira tsiku lija. Mukamva za yakale yabwino ikugulitsidwa, mundinong'oneze. Ndikufuna ya m'matope."

"Lowani pa mzere, bwana," anayankha a Khutu. "Patsogolo panu pali anthu asanu."

A Dokotala ndiwo okha amene yawo yatsopano ankailowetsadi m'thengo, ndipo inali ndi mikwingwirima ya nthambi m'mbali monse. Loweruka lina anthu atabalalika anaponyera a Khutu kakiyi kooneka ngati kabokosi ka machesi.

"Tiyeni, achimwene. Muyendetse ndinu."

"Ndi ovololo imeneyi? Ndikudetserani mipando."

"Yalani nyuzipepala."

Anatuluka m'tauni, anasiya phula, n'kulowa msewu wokumbika wopita kokumba miyala. A Khutu anagwira chiwongolero mwamphamvu, mano ali gwa, kudikira kuti dzenje loyamba liwabaye mumsana monga mwa masiku onse. Dzenjelo linadutsa osalimva. Lachiwirinso chimodzimodzi. Pa chitunda choterera, pomwe magalimoto akale onse ankafuna kuthamangira kuchokera patali, galimotoyo inangokwera pang'onopang'ono ngati ikuganiza zina. A Dokotala anadina kena kake, mpando n'kuyamba kufunda ndi kuwakanda m'chiuno.

"Ih!" anatero a Khutu. "Ndani ameneyo?"

"Mpando, achimwene. Ndizimitse?"

A Khutu anayendetsa mpaka pamwamba pa chitunda.

"Usiyeni kaye," anatero.

Madzulo ake anafika kunyumba akuyenda mowongoka, n'kukhala pa khonde pomwe akazi awo ankasita malaya.

"Amayi, ndikuuzeni chinthu, koma achimwene anu asamve. Galimoto ija ndi yabwino."

"Iti? Yomwe inatsala pang'ono kukusandutsani woweta nkhuku?"

"Yomweyo. Sindingaikonze, sindikuimva n'komwe, koma amene anaipanga ankadziwa chimene akuchita. Ili ndi anthu ake, inenso ndili ndi anga."

"Ndiye mukufuna ndikugulireni?"

"Mpando wokhawo."

Mayiwo anaseka mpaka anaimika simbi kuti ingapsereze kolala. Atapuma anati m'bale wawoyo amuuza ndithu, mawa lomwe m'mawa, chifukwa nkhani yokoma chonchi si yoti munthu n'kufa nayo yekha.