Kanyenyeswa Komaliza ka Mayi Nasimbi

Mumpingo onse ankangowatchula Nasimbi, chifukwa kwa zaka makumi anayi ndiwo ankachapa ndi kusita nsalu za paguwa. Anakula ali wamasiye kwa azakhali awo, telala waukali, amene anawaphunzitsa singano ndi mapemphero mosanyengerera. Amuna awo atamwalira, analera okha ana atatu ndi makina osokera. Nsalu ikapindidwa molakwika ankakalipa, ngakhale wopindayo akhale abambo mfumu. "Ambuye sagonekedwa pa makwinya," ankatero. Misa ya m'mawa sankaphonya, ndipo Lachisanu lililonse ankasala kudya.

M'mimba mutayamba kuwotcha, kuchipatala anati ndi zilonda, n'kuwapatsa mapiritsi. Zinatha zaka ziwiri. Mwana wawo wamkazi ankawadzudzula kuti, "Amayi, kusala kwanuku kukuphani. Mulungu anakuuzani kuti akufuna mafupa?" Iwo ankangobweza madiresi awo m'chiuno, osadandaula.

Kenako dokotala wina anawalowetsa kapaipi ka kamera kukhosi n'kutapa kamnofu kokapima. Inapezeka khansa yosowa yotchedwa limfoma, yoyambira m'maselo oteteza thupi a m'chifu. "Kusala kudya kulibe mlandu," anatero dokotalayo. Mwana uja anatuluka kukalira panja.

Mankhwala a m'diripi anawathothola tsitsi, matenda anagonja miyezi isanu, kenaka anabweranso mwamphamvu, mpaka mayiwo anagonekedwa m'chipatala. Chilichonse akameza chinkabwerera. Imfa sankaiopa. Chinkawapweteka mtima n'chakuti kwa milungu isanu ndi iwiri sanalandire Ukaristia, poopa kusanza Thupi la Ambuye. Zinali zomvetsa chisoni kuona mayi amene anayalira Ambuye nsalu moyo wake wonse akupukusa mutu, misozi ili mbwembwembwe, anzawo m'wodimo akulandira.

M'mawa wina abambo mfumu anayala kansalu koyera pakabati ya pambali pa bedi, n'kubenthula kanyenyeswa kochepa ngati mutu wa phini. "Mayi, Ambuye ali yense ngakhale m'kameneka." Nasimbi anayang'anitsitsa, natsegula pakamwa. Mwana wawo anagwira beseni. Nasimbi anameza, onse n'kudikira.

"Chotsa besenilo, mwanawe," ananong'ona Nasimbi. "Ambuye akhazikika."

Anamwalira masana a tsiku lomwelo, mwakachetechete, korona ili m'manja. Lero nsalu za paguwa amasita mwana wawo uja. Nayenso makwinya salola, ndipo abambo mfumu akalipidwa kale kawiri.