Mng'ono Wanga pa Rimandi

Ndinayamba kuphunzitsa malamulo a boma kuyunivesite zipani zambiri zitangobwera kumene. Malamulo aakulu a dziko anali atsopano, ndipo ndinkawawerenga m'kalasi mokweza ngati mawu a m'tchalitchi. Gawo limene ndinkalikonda linali la ufulu wa munthu womangidwa: auzidwe chomwe wamangidwira, aonekere kukhoti msanga, asasungidwe popanda kuzengedwa mlandu. Kafukufuku wanga yense anali pamenepo.

Kwathu ndi ku Biriwiri. Bambo anga anagwira ntchito kumigodi ya ku Joni, n'kubwerako ndi chifuwa chosatha. Mng'ono wanga ndiye ankawasamala. Ankalima mbatatesi ndi kabichi, n'kumagulitsa m'mbali mwa msewu. Tsiku lina la msika kunabuka ndewu pakati pa ogulitsa ndi anyamata okweza matumba m'malole. Munthu wina anagendedwa mwala m'mutu, n'kufera m'njira yopita kuchipatala. Apolisi anatenga aliyense amene anam'peza pafupi. Mng'ono wanga anam'peza akutola mbatatesi zake zomwe zinamwazika pa ndewuyo.

Mkazi wake atandiimbira foni, ndinakwera minibasi m'mawa mwake ndilibe mantha. Ndinapeza bambo atakhala pakhonde, atafunda bulangete.

"Musadandaule, bambo," ndinatero. "Sabata ino isanathe akhala ali pano."

Ena amene anamangidwa limodzi ndi mng'ono wanga anatulukadi. Iye anatsala chifukwa mboni ina inati woponya mwalayo anavala jekete yofiira, ndipo iye anali nayo yotero. Mlandu wakupha umazengedwa kukhoti lalikulu lokha, choncho anam'tumiza kundende kukadikira pa rimandi.

Ine ndinali mphunzitsi, ndinalibe chiphaso choimira munthu m'khoti. Chimene ndikanatha n'kuyenda m'maofesi. Kupolisi anati fayilo inapita kwa maloya a boma. Kwa maloya a boma anati inabwezedwa kupolisi chifukwa munalibe lipoti la dokotala woyeza mtembo. Dokotalayo anali atasamutsidwa. Anthu a m'maofesiwo sankandichita mwano. Ankandipatsa mpando, ena n'kunena kuti anandimvapo pawailesi, kenako n'kundiuza kuti ndibwerenso mwezi wamawa.

Mvula inagwa, inatha, inagwanso. Munda wa mbatatesi unamera tchire. Ndinkapita kundende ndi ufa, nyemba ndi sopo. Ulendo wina mng'ono wanga anabwera kudzandiona atagwira buluku ndi dzanja kuti lisagwe. M'khosi mwake munali mphere.

"Achimwene, mundiuze zoona," anatero. "Ndikangovomera kuti ndine, andigamula zaka zingati? Ogamulidwa amadziwa tsiku lotuluka. Amapitanso kumunda, amaona dzuwa."

"Usavomere chinthu chomwe sunachite."

"Nanga ndichite chiyani?"

Ndinatuluka, n'kukhala pamwala kuseri kwa mpanda wa ndende.

Lolemba ndinali m'kalasi, ndikuphunzitsa gawo lomwe lija la ufulu wa munthu womangidwa. Mtsikana wina wa chaka chachiwiri anafunsa kuti boma likapanda kutsata zimenezi, womangidwayo amatani. Ndinamuyankha monga mwa buku: amakadandaula kukhoti lalikulu. Analemba. Ndinafufuta bolodi pang'onopang'ono, nditawafulatira, kuti asaone nkhope yanga. Miyezi imeneyo sindinalembe tsamba ndi limodzi lomwe la kafukufuku. Ndinkatsegula buku, maso n'kumangoyenda pamwamba pa mawu.

Bambo anasiya kundifunsa. Ndikafika ankangoyang'ana kumbuyo kwanga, kuona ngati pali wina akutsika m'minibasi. Tsiku lina anandigwira dzanja.

"Kumgodi munthu akakwiririka tinkakumba ndi manja," anatero. "Usaleke kukumba, mwana wanga."

Ndinameza manyazi, n'kuyamba kuimbira ophunzira anga akale mmodzimmodzi. Ambiri anandilonjeza, kenako osayankhanso foni. Mayi wina amene ndinam'phunzitsa m'zaka zoyambirira, yemwe tsopano anali loya, anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Aphunzitsi, mukanandiuza kale," anatero. "Inu lembani mfundo zake, ine ndikaima m'khoti."

Tinapempha belo. Tsiku lomva pempholo linasinthidwa kangapo: mwina woweruza wapita kumaliro, mwina galimoto yonyamula akaidi ilibe mafuta. Bambo anamwalira mu Julaye, kukuzizira kwambiri, tikudikirabe. Tinawaika mng'ono wanga palibe. Ndinakamuuza ndekha, titalekanitsidwa ndi waya. Sanalire. Anangofunsa amene anakumba manda.

Belo inaperekedwa miyezi ingapo pambuyo pake. Woweruza anawerenga mfundo zomwe ndinalemba, ndipo loya wa boma sanatsutse. Zonse zinatha tisanakhazikike bwino pabenchi.

Mng'ono wanga anatuluka ndi chifuwa chachikulu. Anamwa mankhwala n'kuchira, koma khasu salithanso monga kale. Mkazi wake ndiye amalima, iye amakhala pamsika. Mlanduwo sunazengedwe mpaka lero, ndipo sunathetsedwe. Mwezi uliwonse amakasainira kupolisi. Ine ndikuphunzitsabe. Chaka chilichonse ndimatenga ophunzira anga kupita nawo kundende, n'kukhala nawo pansi kufunsa anthu a pa rimandi kuti anabwera liti, ndipo khoti analiona liti komaliza. Ambiri sakumbukira.