Mmodzi Azikhala Kunja

Ndinaganiza zochoka mu Lusaka tsiku limene ndinabwerera ku Kabwata ndi thumba la salaula, zovala zakaunjika zija, lili chodzazire, nditapsa ndi dzuwa m'tauni kuyambira m'mawa osagulitsa ngakhale sokosi. Atate anali atamwalira kale, ndipo penshoni yawo tinkangoimva m'malonjezo. M'nyumba munali amayi, ine, ana anga awiri, ndi mlongo wanga wamng'ono Masauso, amene anali atangolowa usilikali. Mnzanga wina wa kutchalitchi anandiuza kuti ku Ulaya akufuna anthu osamalira nkhalamba. Ndinati nkhalamba ndi nkhalamba basi, kaya yoyera kaya yakuda, ndikasambitsa.

Amayi sanandiletse. Anangoti, "Pita Esinati, ana ndisunga ine. Koma mwezi ukatha uzikumbukira kuti kuno timadya." Ndinaseka, iwo sanaseke.

Za kuzizira kwa kumeneko sindinena zambiri, aliyense wobwerako amanena zomwezo mpaka anthu anatopa nazo. Chimene chinkandipweteka ine ndi moni. Munthu mumakhala naye khomo ndi khomo, mumakwera basi imodzi tsiku lililonse, koma sadzakufunsa kuti wadzuka bwanji. Masiku ena Lamlungu limatha osatsegula pakamwa, mpaka ndimadziyankhulira ndekha potsuka mbale kuti ndimve ngati mawu akadalimo. Mauthenga akunyumba amabwera ndithu, koma onse amafanana: moni pamwamba, Mulungu pakati, vuto pansi. Ndinkatumiza. Ndalama zanga ndizo zinagula puloti ku Chelstone, ndizo zinakumba maziko, ndizo zinkalipira sukulu ya ana. Sindinadandaule, ndi zimene ndinapitira.

Ntchito yanga yokhalitsa inali m'nyumba ya mkulu wina amene ndinkangomutcha agogo. Miyendo inali itafa, koma mutu unali wakuthwa, ndipo pakamwa ndiye posanena. Pa unyamata wawo anali phungu wa Nyumba ya Malamulo ya dzikolo. Chifukwa cha ichi, wailesi yakanema m'nyumbamo inkangoonetsa aphungu akukangana kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ine zinkandinyansa. Ndinkati anthu okhuta akusewera, ine msana ukuthyoka ndi kunyamula mnzawo.

Tsiku lina anandiuza kuti ndisiye kusita, ndikhale pansi. Boma lawo linkafuna kutumiza asilikali kunkhondo ya kutali, ndipo mtsogoleri wawo anabwera yekha kudzapempha chilolezo kwa aphungu. Ndinaona aphungu a chipani chake chomwe akumufunsa pamaso kuti anawo akatani kumeneko, adzabwera liti, ndipo akafa adzayankha ndani. Agogo anaonera mpaka pamapeto. Kenaka anandiuza kuti nawonso anavomerezapo nkhondo kalekale. Mnyamata wina wa m'dera lawo anabwerako m'bokosi, ndipo mayi wake ankabwera ku ofesi yawo sabata iliyonse, kukhala pampando osanena kanthu, nthawi ikakwana n'kumapita. "Sindinamuthamangitsepo," anatero. "Mwana wake ndinamutumiza ndine."

Nthawi imeneyo Masauso anali atapita kale kukasungitsa mtendere m'dziko lina la kumpoto kumene anthu ankaphana okhaokha. Ulendo woyamba, ku Kabwata kunali chikondwerero. Amayi anapha nkhuku, amayi a chigwirizano anabwera kudzapemphera, oyandikana nawo ankati nyumba yathu yadalitsidwa chifukwa ana onse awiri akudya ndalama zakunja. Anabwerako bwino, makoma a ku Chelstone anakwera mpaka pamawindo. Atapitanso kachiwiri, zinthu zinasintha. Nthawi yoti abwere inakwana, n'kupitirira, gulu lowalowa m'malo silinafike.

Kwa amayi ankatumiza pafoni mawu oseka, akuti akunenepa, akuti akungosewera bawo. Kwa ine ankatumiza ena. Mnzake amene ankagona naye tenti imodzi anafa galimoto yawo itaponda bomba lokwirira, iyeyo anali m'galimoto yapambuyo. "Ba sisi, nalema," anatero m'mawu amodzi amene ndinawamvetsera mobwerezabwereza. "Sinigona. Nifuna chabe kubwela ku nyumba. Koma musauze amai, muzabadwalisa."

Ndinawauza agogo uku ndikuwameta ndevu. Anandigwira dzanja kuti ndiime. "Anavomereza ndani kuti apite? Phungu wanu anati chiyani?" Ndinaseka mpaka lezala linagwa. Ndinawauza kuti kwathu phungu timamudziwa pamaliro: amabweretsa tenti, mipando, nthawi zina bokosi. Za mayiko akunja ndi za akuluakulu, ife timangomva pa nkhani kuti ana athu anyamuka. Iwo anakwiya ngati ndawatukwana. Anati phungu ali ndi mphamvu yoimirira m'Nyumba n'kufunsa nduna kuti asilikali abwera liti, ndipo nduna iyenera kuyankha dziko lonse likumva. Mwina sizingamubweretse mawa, koma boma limachita manyazi likafunsidwa poyera. Mawu amenewa ndinawasunga, ndipo ndinamulonjeza Masauso kuti ndikadzafika kunyumba ndidzayesa.

Agogo anamwalira m'nyengo yozizira, ana awo anagulitsa nyumba. Ntchito ina inalipo, koma ine ndinali nditatheratu. Msana unkawawa, ana anga ankandiyankha pafoni mwaulemu wopatsa mlendo, ndipo ndinali nditatopa ndi kudya ndekha. Ndinalongedza.

Lusaka ndinamupeza atakula: misewu yodutsa pamwamba, masitolo akuluakulu, magalimoto ochuluka moti kuchoka m'tauni kufika ku Chelstone munthu umagona n'kudzuka. Koma magetsi ankazimabe, ndipo mtengo wa ufa unandichititsa kufunsa kawiri. Nyumba yathu ija inali itaima bwinobwino koma yopanda denga, udzu utamera m'chipinda chimene ankati n'changa. Abale anabwera kudzandiona sabata yoyamba, aliyense n'kutenga kake. Masutikesi atapepuka, alendo anachepa. Amayi anali atakalamba kuposa mmene ankaonekera pafoni, ndipo ankandiyang'ana nthawi zina ngati akufuna kufunsa kanthu, osafunsa.

Panali phungu wina wochokera kumudzi kwathu kum'mawa, amene anaphunzira sukulu imodzi ndi atate, moti amayi ankamutcha alamu. Nyumba ya Malamulo ikamakumana amakhala ku Kabulonga, ndipo Loweruka m'mawa amalandira anthu. Ndinawauza amayi kuti tipiteko tikakambe za Masauso. Sindinanene zambiri chifukwa ndinali nditamulonjeza Masauso kuti za kutopa kwake sindiwauza amayi. Anavomera msanga kuposa mmene ndinkayembekezera, n'kuyamba kusankha mtedza woti tinyamule. Kwathu kwa munthu wamkulu supita chimanjamanja. Supitanso ndi mapempho awiri, amati ndi dyera, ndipo ukatero sulandira ngakhale limodzi. Ndipo pamene pali kholo, mwana sayamba kuyankhula. Zonsezi ndinkazidziwa kuyambira ndili mwana, koma sindinaziganizire.

Pakhonde tinapeza anthu atadzaza kale. Wina ankafuna thandizo la maliro, wina malo a sukulu, wina mjigo wa m'mudzi. Pafupi nafe panakhala bambo wina wa jekete losita bwino. Atamva kuti tabwerera nkhani ya msilikali, anatembenuka.

"Mwana wanu ali ku mishoni ya kunja? Kabili? Imwe muli na mwayi! Wanga akhala chabe mu kampu, dzina yake siichoka. Ndiye vamene nabwelela, ba Onalebo bamukambileko."

Ndinamuyang'ana ndi mkwiyo. Ndinafuna kumufunsa ngati amadziwa kuti kumeneko kuli mabomba, koma amayi anali akumugwedezera mutu ndi kumwetulira.

Nthawi yathu itafika tinalowa, tinagwada, tinapereka mtedza. Aphungu anali munthu wamkulu thupi, maso ofiira ndi kutopa. Anawakumbukira atate, anawadzutsa amayi kuti akhale pampando. Amayi anayamba ndi kuthokoza, monga mwa mwambo, ine ndikukonza mawu anga m'mutu.

"Alamu," anatero amayi, "pempho langa ndi limodzi. Mwana wanu Masauso ali kunja ndi asilikali. Timva kuti akabwera, apita ena. Ndati mukatikambireko kwa akuluakulu, asamuchotse pagulu. Akapuma pang'ono apitenso. Mlongo wakeyu wabwerera, nyumba ilibe denga, adzukulu ali pasukulu."

Sindinayembekezere ngakhale pang'ono.

Aphungu anapukusa mutu. "Mlamu, ndikuuzeni zoona, osankha asilikali si ife. Ife m'Nyumba timavomereza ndalama zawo, timafunsa nduna mafunso. Za mayina ndingangopereka mawu kwa amene ndimawadziwa, osalonjeza." Kenaka anandiyang'ana. "Nanga inu a ku Ulaya, mwangoti duu?"

Ndinadziwa kuti ndikulakwira mwambo, koma ndinayankhula. "Ba Onalebo, nthawi yao inasila kudala. Simungafunseko mu Nyumba kuti bazabwela liti? Kuti ba nduna bayankhe bantu bonse bamvele?"

Analoza pawindo kumene kunali anthu aja. "Ndingafunse, ndi ntchito yanga. Koma chikhalireni pampando uno, inu ndinu woyamba kundipempha zimenezo. Onse amene amabwera ndi nkhani ya asilikali amati mwana wanga apite. Ndikaimirira kuti abwere, mawa pakhonde pano adzandifunsa kuti ndikuwatsekera chakudya chifukwa chiyani." Anapukuta kumaso ndi mpango. "Tsono banja limodzi, mapempho awiri otsutsana. Ndinyamule liti?"

Sanafunse ine, anafunsa amayi. Ine ndikanatha kutulutsa foni pomwepo kuti onse amve mawu a Masauso. Ndinaigwira ndithu m'chikwama. Koma ndinaona amayi atawerama, ndipo sindinathe kuwachititsa manyazi pamaso pa mnzawo wa atate.

"Lomwe ndanena lija, alamu," anatero amayi. Tinathokoza, tinatuluka, bambo wa jekete uja n'kulowa.

Tinayenda pansi pa mitengo ya ku Kabulonga, m'mbali mwa mipanda yaitali, mpaka pokwerera basi. Pamenepo ndinalephera kupirira, ndinaphwanya lonjezo.

"Amai, Masauso alema. Mnzake anafa pamenso pake. Sagona. Afuna kubwela."

Sanadabwe. Anakonza duku lawo, maso ali kumsewu. "Uganiza kuti sindidziwa? Ndinamubala ine. Kuseka kwake kwa pafoni kuja ndimakumva kuti n'kwabodza. Ndimadzuka kumupempherera iwe uli m'tulo." Anapuma. "Sindikukuimba mlandu, mwana wanga, unatopa, unayenera kubwera. Koma nyumba ino inaima chifukwa wina ali kunja. Unali iwe, tsopano wabwera. Mmodzi azikhala kunja."

Ananena mofatsa, mopanda mkwiyo, ndipo n'chifukwa chake zinandipweteka kwambiri. Zaka zonse zija ndinkaganiza kuti ine ndili pantchito, Masauso ali kunkhondo, zinthu ziwiri zosiyana. Kunyumba ankationa mofanana: ana awiri amene anapita kukasaka. Ndinabwera ndi nzeru zoti aphungu azifunsa boma lisanatumize ana a anthu kumene kuli mfuti, ndipo mpaka lero ndimakhulupirira kuti n'zoona. Koma phungu amanyamula zimene anthu ake amusenzetsa, ndipo ife timamusenzetsa njala yathu. Mlongo wanga sanasungidwe kunjako ndi nduna yokha. Tinamusungako ndife, ndipo ine ndinawonjezera pobwerera.

Madzulo ake, ndikuthandiza mwana wanga wamkazi kuchapa yunifomu, foni inalira. Anali Masauso, mawu akudukaduka.

"Shani ba sisi. Mwayenda? Bakamba chani ba Onalebo?"

Ndinapita kuseri kwa nyumba kuti amayi asamve. Msana unkawawa monga mwa masiku onse, ndipo mwana wanga anali atangoyamba kumene kunditcha amayi mosachita manyazi. Ndinapukuta thovu m'manja.

"Sibazafunsa," ndinamuuza. "Koma limba pang'ono, Masauso. Mawa niyamba kusakila nchito kunja. Nikayenda ine, iwe ubwele."