Eyakoni ya achimwene

Nyumba yathu ya ku Kawale inali ya zipinda ziwiri ndi pabalaza, malata opanda siling'i, chimbudzi panja. M'nyumba yotere munthu wanzeru saikamo eyakoni, makina oziziritsa m'nyumba aja. Ndinawauza achimwene zimenezi pamaso pawo, tsiku lomwe anafika nayo pa galimoto ya mnzawo, mu Meyi wa chaka chimene anatisiya.

Achimwene anali mmisiri wa mafiriji. Kuyambira ndili pasukulu ndinkawaona akutuluka m'mawa ndi chikwama cha zida ndi botolo la gasi paphewa, kupita kukakonza mafiriji m'magolosale ndi m'maofesi. Akazi awo anali atamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo osasiya mwana, ndiye ine ndinachoka ku Biwi komwe ndinkachita lendi n'kudzakhala nawo. Pofika chaka chimenecho anali ataonda kwambiri, chifuwa chosatha. Matendawo tonse tinkawadziwa, koma masiku amenewo sankatchulidwa.

Makinawo anapatsidwa ndi bwana wina wa ku Area 47 amene ankasamuka. Anali a mbali ziwiri: bokosi loyera lalitali lokhala m'chipinda, ndi lina lachitsulo lokhala ndi fani, la panja. Ine pakamwa panga sipachedwa. Ndinawafunsa ngati akufuna kuti Kawale yense azitiloza chala kuti tayamba matama. Iwo anangoseka n'kunena kuti makinawa si oziziritsa okha, amatenthetsanso, ndipo Juni ali pafupi. Pamenepo ndinasiya kuwatsutsa, chifukwa ndinkadziwa mmene ankanjenjemerera m'mamawa ngakhale afunde mabulangete awiri.

Ntchito yomwe kale akanaimaliza tsiku limodzi inatenga milungu iwiri. Anawathandiza ndi mnansi wathu, bambo wina wowotcherera zitsulo, Msilamu wa ku Mangochi, yemwe anali ndi kashedi kake m'mbali mwa msewu. Anayamba ndi kukhoma siling'i m'chipinda cha achimwene chokha. Kenaka bamboyo anawotcherera choikapo bokosi la panja kuseri kwa nyumba n'kuboola khoma. Achimwene ankakhala pampando padzuwa n'kumalamula, koma mapaipi awiri a kopa aja sanalole wina kuwagwira. Anawapinda okha pabondo, pang'onopang'ono, akupumira, n'kuwaveka chisiponji chakuda. Atalumikiza anapopa mpweya wonse m'mapaipimo asanatsegule gasi, maso ali pa geji ngati namwino woyeza magazi.

Mawaya anakoka atsopano, onenepa, kuchokera pa mita penipeni, ndi swichi yakeyake. Anakhomera pansi chitsulo cha kopa n'kumangirirapo waya wobiriwira, ati kuti magetsi akasokonekera azithawira m'nthaka osati mwa ine. Zonsezi ndinkazimva. Chomwe sindinachimvetse chinali kabokosi kotuwa kokhala ndi chogwirira, komwe anakaika pakhonde, pansi pake pali soketi yosalumikiza kalikonse. Nditafunsa anati ndi zaumisiri, ndizisiye. Ndinapsa mtima n'kukalowa kukhitchini.

Sanalekere pomwepo. Anamata mphira za zitseko za mafiriji akale kuzungulira windo, anatseka ndi simenti timabowo ta mpweya ta pamwamba pa khoma, ndipo kunsi kwa chitseko anakhomerako chidutswa cha chubu cha galimoto. Ndinawaseka kuti akudzitsekera ngati nyama ya m'butchala. Achimwene anali munthu wokonda nthabwala, koma tsiku limenelo sanaseke. Mawu amenewo ndikanatha kuwameza ndikanawameza.

Makina atayaka anandiphunzitsa rimoti. Panali kachizindikiro ka dzuwa, ndi kena ka timiyendo tambiri komwe ine ndinakatcha kangaude. Anandigwira dzanja kupita nane kuseri, n'kundiuza kuti ndiike chikhatho pa fani. M'chipinda munali mofunda, koma bokosi la panja linkauzira mphepo yozizira kuposa ya Juni yemweyo.

"Makinawa sapanga kutentha," anatero. "Amangonyamula. Ukaika pa kadzuwa amatola kwa kunja kuno n'kulowetsa m'nyumba. Ukaika pa kangaude wakoyo amatenga kwa m'nyumba n'kudzatayira kuno."

Ndinayesa kuti phunziro latha. Koma anandiuza kuti ndisindikize mpaka pa kangaude, nditsitse nambala mpaka pomwe imathera, nditseke chitseko. Anandibwerezetsa katatu, iwo ali m'juzi ndi chipewa, mano akugundana. Ndinawafunsa kuti ndani wamisala amafuna kuzizira mu Juni. Anati munthu aziphunzira chinthu chonse, osati theka.

Pali nkhani ina yomwe ndiyenera kuinena. Zaka zingapo m'mbuyomo, akadali ndi thupi lawo, anaitanidwa kukakonza makina oziziritsa ku mochale ina. Atabwerako anatha mlungu wathunthu osadya nyama. Pambuyo pake anatiuza ine ndi amayi kuti iwo akadzafa tisadzawaike m'madilowa osungiramo mitembo muja, atamangidwa kapepala kuchala. Nthawi imeneyo tinaseka, poti munthu wake anali wonenepa, wodya bwino. Mu Seputembala wa chaka chomalizacho anabwerezanso mawu omwewo, tili awiri, ndipo sindinaseke.

Juni ndi Julayi zinadutsa bwino. Ankagona tulo, chifuwa chinachepako, ndipo anansi omwe ndinkaopa kuti atinena ankabwera kudzazonda wodwala n'kuiwala kutsanzika. Amayi anabwera kuchokera kumudzi ku Dedza kudzadwazika. Koma kumapeto kwa Seputembala mng'ono wanga, yemwe anakwatiwa ndi mphunzitsi ku Chitipa, anachira movutikira, mwa opaleshoni. Achimwene anawakakamiza amayi kuti apite, ati iwo akupezako bwino. Amayi ananyamuka mtima uli m'mbuyo.

Achimwene anamwalira mu Okutobala, m'mawa dzuwa litakwera, ndikuwamwetsa phala. Ndikuvomera pano chinthu chomwe sindinauzepo munthu: ndisanalire, ndisanaitane aliyense, ndinatenga rimoti n'kusindikiza mpaka pa kangaude. Manja anachita okha. Ndinatsitsa nambala, ndinatseka windo, kenaka ndi pomwe ndinatuluka pakhonde n'kuyamba kulira. Mpaka lero ndimachita nazo manyazi.

Mafoni a m'manja anali asanafike kwa aliyense. Tinaimba pa byulo ya telefoni kwa mkulu wa sukulu ya alamu anga, ndipo yankho linabwera madzulo. Amayi anangonena chinthu chimodzi, kuti tisaike mwana wawo asanaone nkhope yake. Ulendo wochokera kumeneko unali wa pafupifupi masiku awiri basi ikapezeka, ndipo kunja kunkatentha moti malata ankalira okha.

Amalume anafika kuchokera ku Area 25 n'kunena zomwe munthu aliyense wanzeru akananena: thupi lipite ku mochale, apo ayi tiike mawa. Ndinakana. Ndinawayankha mawu omwe mwana wa mlongo wawo sayenera kuyankha, pamaso pa anthu. Iwo anaitanitsa munthu wodziwa kubaya thupi mankhwala, yemwe anati m'kutentha kotere mankhwala okha sakwanira. Pomaliza amalume anandipatsa mpaka masana a tsiku lachitatu. Anati fungo likangoyamba sandifunsanso.

Vuto lalikulu silinali amalume. Kwathu maliro sasiyidwa okha. Amayi a mpingo ndi a m'dera anadzaza m'chipindamo monga mwa mwambo, kukhala pansi mozungulira thupi, kuimba, chitseko chili pululu. Ndinkamva bokosi la panja likubuula osapuma, ndipo nditalowa ndinapeza m'chipinda mwayamba kufunda. Munthu wamoyo amatentha ngati mbaula, achimwene ankatero. Ndinagwada pakhomo n'kuwapempha kuti azilowa awiriawiri, enawo akhale pabalaza, chitseko chizikhala chotseka.

Nyimbo inaduka. Mayi wina wachikulire, amene anandilandira nditangofika ku Kawale, anati chibadwire sanaonepo maliro otsekeredwa ngati wakuba. Wina ananong'ona, mokuti ndimve, kuti mtsikanayu alibe mtima. Anatuluka mmodzimmodzi akukung'untha zitenje zawo. Kuyambira pamenepo ankalowa awiri, atavala majuzi pakati pa Okutobala, n'kumasinthana. Mayi wachikulire uja sanandipatsenso moni wabwino mpaka anamwalira, ndipo sindimuimba mlandu.

Tsiku lachiwiri, dzuwa lili paliwombo, magetsi anathima. Bokosi loyera lija linangoti zii. Ndinatulutsa amayi awiri omwe anali m'katimo, ndinatseka chitseko, n'kukhala pansi nditachitsamira. Masiku amenewo magetsi akapita masana ankatha kubwera dzuwa litalowa. Amalume anali pansi pa mtengo wa mango ndi azibambo anzawo. Anangoyang'ana wotchi yawo, ndipo ine ndinadziwa kuti amayi sadzaionanso nkhope ija.

Sipanapite nthawi yaitali, ndinamva wilibala ikulira pamsewu. Anali bambo wowotcherera uja, akukankha jenereta yake ya ku shedi, thukuta lili kamukamu. Palibe anamutuma. Anadutsa pakati pa anthu osapereka moni, anafika pakhonde, analowetsa waya wake mu soketi ija yosalumikiza kalikonse, n'kutsitsa chogwirira cha kabokosi kotuwa. Analiza jenereta n'kundiuza kuti ndidikire pang'ono makina apume, kenaka ndisindikize. Nditasindikiza, bokosi loyera linalira kamodzi n'kuyamba kuuzira.

Ndinamutsatira kuseri n'kumufunsa kuti wadziwa bwanji.

"Anandiuza mu Meyi, tikukhoma siling'i," anatero. "Anati tsiku lawo likadzafika magetsi n'kuthima, ndisadzadikire kuitanidwa."

Anaonjeza kuti kwawo akanaika tsiku lomwelo, ndipo zosunga thupi sazimvetsa, koma anavomera munthu ali moyo. Anakhala pa njerwa pafupi ndi jenereta yake mpaka magetsi anabwera.

Apa m'pamene ndinazindikira. Siling'i ija, mphira za pawindo, chubu cha kunsi kwa chitseko, kundibwerezetsa katatu kuja mano akugundana: munthu ankamanga mochale yakeyake ine ndikumupatsira sikuludiraiva. Ngakhale amayi anawatumiza ku Chitipa akudziwa, kuti asaone zomaliza, atakonzeratu njira yoti adzawapeze. Ndinawakwiyira kwambiri achimwene masana amenewo, ndipo panalibe woti ndimukalipire.

Amayi anafika m'mawa wa tsiku lachitatu, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze, mapazi atatupa. Sanakhale pansi. Ndinawatsegulira chitseko, amalume anavundukula nsalu, ndipo nkhope inali ikadali ya achimwene, ngati agona ataiwala kumeta. Amayi anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anaika dzanja pamphumi n'kulibweza msanga.

"Mwana woopa mphepo chonchi, mwamuchita chiyani?" anandifunsa motsitsa mawu. Anavula chitenje chawo chapamwamba n'kumufunditsa mpaka m'khosi.

Ndinali nditalimbana ndi amalume, ndi amayi a mpingo, ndi dzuwa lomwe, koma amayi anga sindikanalimbana nawo. Ndinangowagwira dzanja monga anandigwirira achimwene mu Juni, n'kupita nawo kuseri kwa nyumba. Bokosi lachitsulo linkauzira mpweya wofunda. Ndinawauza zomwe ndinaphunzitsidwa, kuti makinawa sapanga kanthu, amangotenga kutentha kwa m'chipinda n'kudzatulutsira pano.

Ndikudziwa kuti pofika tsiku limenelo kunali kutentha kwa dzuwa la pa malata basi, osati kwa thupi la mwana wawo. Sindinawauze. Amayi ananjuta patsogolo pa fani ija, anatambasula zikhatho, kenaka anasendeza nkhope pafupi n'kutsinzina, duku likugwedezeka. Anakhala choncho osalira mpaka bokosi la maliro linafika ndipo amalume anandituma kuti ndikathimitse.

Sindinawayatsenso makina aja. Juni wotsatira ndinagona m'juzi ndi mabulangete a achimwene, rimoti ili m'kabati. Nditasamuka ku Kawale ndinawasiya pakhoma pomwepo, ndipo sindinafunse kuti anathera kuti. Koma m'tauni muno mabokosi otere achuluka tsopano, kuseri kwa mabanki ndi masitolo, ndipo sungawapewe onse. Ndikamadutsa, mpweya wofunda uja n'kundikhudza m'miyendo, ndimapezeka ndaima.