Punyali ya Che Domingo

Ndikakumbukira Che Domingo, ndimamva fungo la usipa wouma losakanikirana ndi utsi wa fodya wa chingambwe, ndipo ndimawaona ali pakhonde la kanyumba kawo ku Nkope, thumba la usipa atalipana ndi mawondo, akuboola kukamwa kwa thumbalo ndi kachitsulo kowonda n'kumapisa chingwe mwakachetechete. Ntchito yawo inali yomweyo, kusoka matumba a amalonda amene ankakweza usipa pamalole. Nyumba yawo ndi yathu zinkalekanitsidwa ndi mpanda wa udzu wobooka pakona, ndipo ine, poti ndinali kamtsikana kosamva kukhala pansi, ndinkangolowera pabowopo ngati nkhuku.

Kwawo kunali ku Mozambiki. Anabwera nthawi ya nkhondo pamodzi ndi anthu ambirimbiri, koma nkhondo itatha, anzawo onse n'kubwerera, iwo anatsala. Munthu akawafunsa ankangoti, "Ndikapezako ndani?" Mbali yathu ya mudzi tonse tinali Asilamu, iwo okha ndiwo sankalowa mumzikiti, ndipo Chiyao sankachimva. Moni ankapatsidwa ndithu, Che Domingo apa, Che Domingo apo, koma sindinaonepo munthu wamkulu atavula nsapato n'kukhala pamkeka wawo.

Ine ndinkawaitana kuti ambuje, monga timaitanira agogo kwathu. Tsiku lina ndinati, "Ambuje, ndibwerekeni mpeni wanuwo ndisendere mango."

"Mpeni uti? Iwe Halima, uwu si mpeni. Iyi ndi punyali. Mpeni umadula, punyali imalowa."

Ndinaiyesa pa mango aja, ndipo zoonadi, m'mbali munali mobuntha, ukali wonse unali kunsonga. Inali yaitali ngati mkono wanga kuchokera pachigongono, yowonda ngati bango, chogwirira chake cha nyanga yakuda yosalala ndi thukuta la manja. Iwo anaseka mpaka kutsokomola, kenako anandiuza mbiri yake uku akusoka. Dzinalo akuti linabwera ndi Apwitikizi. Bambo awo anali msilikali wa boma la azungu amenewo, mmodzi mwa aja ogwira anthu kuti akagwire ntchito yakalavulagaga, ndipo punyaliyo ankaibisa m'malaya. "Masiku amenewo ukamva kuti uje ali ndi punyali, sunkamutsogolera panjira," anatero. Bambowo atakalamba, inasanduka yobayira mbuzi pa miyambo ya pabanja. Nkhondo itafika, anthu a m'mudzi mwawo anayamba kutchula punyali munthu woseka nawe masana koma n'kukalozera asilikali khomo lako. "Lero ndi iyi, ikusoka matumba a usipa. Chitsulo chimakalamba ngati mwini wake."

Za akazi awo anandiuza tsiku lina, osandiyang'ana. Dzina lawo anali a Marita. Anamwalira panjira pothawa, ndipo Che Domingo anangowafunditsa nthambi n'kupitiriza kuthamanga. Kwawoko, akuti womwalira sagona mpaka apabanja atapha mbuzi, anthu n'kukhala pamodzi kudya nyamayo, aliyense akutchula dzina la malemuyo potenga nthuli yoyamba. Zaka zonsezi zimenezi zinali zisanachitike, ndipo n'zimene zinkawadya mumtima. N'chifukwa chake ankaweta kambuzi koyera kuseri kwa nyumba, kamene ankakathyolera masamba tsiku lililonse.

Mbuziyo itanenepa, anayenda khomo ndi khomo kuitanira anthu ku mwambo wa a Marita, chipewa chili m'manja. Aliyense anati, "Inshallah, tibwera." Che Domingo anagula mphika watsopano, anabwereka mikeka ndi mbale, ndipo za mowa sanaziganize n'komwe, podziwa alendo awo. Kenako anandiitana pampanda.

"Halima, bambo ako akamapha nkhuku, kuchinja kuja, amanena chiyani?"

"Bisimillahi, Allahu akibaru."

"Nanga amailozetsa kuti?"

"Kumpoto, kumene timayang'ana poswali, popemphera paja."

Abale inu, mmene ankayeserera mawu amenewo! Sabata yonse ankasoka matumba akung'ung'udza, lilime likupindika, ine ndikugubuduka ndi phwete n'kumawakonza ngati mwalimu wa kumadrasa. Ankabwerezabe osakwiya.

Tsikulo litakwana, amayi ndi azakhali anga a Patuma anapita m'mamawa kukathandiza kuphika, ine ndikutsatira ndi nkhuni pamutu. Tinapeza mbuzi ili gone pamasamba a nthochi pansi pa mtengo wa mango, Che Domingo ataima pambali, atavala malaya oyera amene ndinali ndisanawaonepo.

Amayi anaima. "Wachinja ndani?"

"Ndekha, mayi! Mawu onse ndanena, mufunseni Halima. Kumpoto ndailozetsa." Anatukula mwendo wakutsogolo wa mbuziyo n'kutionetsa kabowo kakang'ono pamene punyali inalowera. "Kamodzi kokha, monga ankachitira bambo anga. Sinalire n'komwe."

Khosi la mbuziyo linali lathunthu. Amayi anayang'ana azakhali, azakhali anayang'ana pansi. Kenako amayi anati, "Halima, kaitane bambo ako."

Bambo anasiya ukonde umene ankasoka n'kubwera. Ananjuta pafupi ndi mbuziyo kwa kanthawi, ndipo polankhula anatsitsa mawu kwambiri. "Che Domingo, mukanandiitana. Ife timadya nyama yodulidwa pakhosi ndi mpeni wakuthwa, magazi atuluke onse. Yobaya chonchi kwa ife ndi haramu, sitingaidye."

"Ngakhale ndanena mawu aja?"

"Ngakhale mwanena. Pepani, bambo. Tiyeni tisinthe tsiku, ine ndikasaka mbuzi ina, ndidzachinja ndekha."

Che Domingo anapukusa mutu. "Mbuzi inayo sikumudziwa Marita. Iyi ndakhala ndikuiuza dzina lake kuyambira ili kamwana."

Azakhali, poti pakamwa pawo panalibe chotsekera, ananong'oneza amayi kuti, "Safunsa anadya phula." Mpaka lero mawu amenewo amandipsetsa mtima. Anafunsa munthu uja! Kungoti mudzi wonse uja, amene anali naye womasuka kumufunsa anali mwana wamng'ono.

Nkhani inafala dzuwa lisanakwere. Amayi anaphikabe mpunga ndi nyemba m'miphika ya kwathu kuti tsikulo lisangofa. Anabwera anthu ochepa, anakhala kumapeto kwa mikeka, anadya mofulumira maso ali m'mbale, n'kutsanzika mwaulemu wonse. Panalibe wonyoza, komanso panalibe amene anatchula dzina la a Marita, poti dzinalo linkayenera kutchulidwa pa nyama. Pofika masana pabwalo panali ntchentche zokha.

Ine ndinakagwada pabowo la mpanda. Che Domingo anasenda mbuzi yawo okha, anaphika okha mumphika watsopano uja, utsi ukuwalowa m'maso. Nyama itapsa anaigawa m'mbale zonse zobwereka zija n'kuzindandalika pamikeka ngati pali anthu. Anakhala pambale yoyamba, anatenga nthuli, n'kunena mokweza, "Marita." Anatafuna, anameza, anadzuka movutikira atagwira bondo, n'kukakhala pambale yachiwiri. "Marita." Anatero mbale ndi mbale, mkeka ndi mkeka, mawu akunka nachepa.

Ndinafuna kulowa, koma wina anandigwira mkono. Anali amayi, atagwada kumbuyo kwanga, misozi ili chuchuchu. "Usapite," anatero. "Ungawachititse manyazi."

Kuchokera tsiku limenelo sanaitanenso munthu pakhomo pawo. Moni ankayankha, nkhuku akafuna kudya ankabwera nayo kwa bambo kuti achinje, ngakhale ankakaidya okha. Matumba anapitiriza kusoka, koma ankaboola ndi sipoko ya njinga yonola. Nditafunsa za punyali anati, "Yapuma." Anamwalira ine nditakwatiwa kale ku Monkey Bay, ndipo ndinamva maliro ataikidwa. Kumene chitsulo chija chinapita palibe akudziwa.

Panopa ndimagulitsa nsomba, ndipo ndimakumana ndi amalonda a ku Mozambiki kawirikawiri. Ndikawafunsa za punyali, achinyamata amangoseka n'kuti mwina ndikunena mpeni. Mkulu mmodzi yekha ndiye anandiyang'anitsitsa n'kufunsa kuti mawu amenewo ndinawamva kwa yani.

Sindikudziwa ngati mwambo wa eni ake umalola mlendo kuuchita, ndipo sindinawafunsepo ashehe kuti akuganizapo bwanji. Koma chaka chilichonse pa Idi, amuna anga akachinja mbuzi, ndikatenga nthuli yoyamba ndimatchula dzina lija ndisanaike m'kamwa. Chaka chatha mwana wanga wamng'ono anandimva.

"Amama, Marita ndi ndani?"

"Ndi mayi wina amene akudikira kugona," ndinatero. "Tenga nyama yako, unene nawenso."