Wosalaza Mchenga wa pa Mpanda

Tayeb Bouhali anali woweta nkhosa kufupi ndi tauni ya Souk Ahras, ndipo mapazi a chilichonse ankawadziwa: a nkhandwe, a bulu wolemedwa ndi katundu, a munthu wothawa. Nkhondo ya ufulu itavuta, Afalansa anamulemba usilikali n'kumuika pa mpanda wa waya wamagetsi wa m'malire a Tunisia. Mfuti ankanyamula koma sanaiombepo. Chida chake chinali chosalazira mchenga.

M'mawa uliwonse ankayenda patsogolo pa galimoto ya asilikali, kuona ngati wina wapondapo pa mchenga wa m'mbali mwa mpandawo. Akatero ankausalazanso. M'nyengo yozizira zala zinkachita kuuma, nsapato zinkalemera ndi matope, ndipo pa waya pankalendewera mbuzi ndi agalu opserera. Wozichotsa anali iye yemwe.

Tsiku lina anapeza waya atadulidwa.

"Ukuonapo chiyani, Tayeb?" anafunsa sajeni ali m'galimoto, khofi ali m'manja.

"Anthu atatu, bwana. Wina akukoka mwendo wakumanzere. Sanafike patali."

Mawuwo anangotuluka okha monga masiku onse. Atawerama kachiwiri m'pamene anaona kuti chidendene chapindikira kunja. Phazi limenelo anakula akulitsata kubusa. Linali la Lakhdar, mlongo wa mkazi wake Ouarda. Lakhdaryo anali atapita kumapiri kukamenya nkhondo yolimbana ndi Afalansa.

"Mwina ndalakwitsa, bwana. Akhoza kukhala mapazi adzana."

"Iweyo kulakwitsa mapazi?" Sajeniyo anaseka, n'kuitana ndege pa wailesi.

Dzuwa lisanafike pamutu asilikali anawapeza m'chigwa n'kuwapha onse atatu. Tayeb anauzidwa kuti athandize kukweza mitembo m'galimoto. Mtembo wa Lakhdar anaugwira kumapewa, nkhope yake ataiyang'anitsa kumbali.

Nkhondo itatha, anyamata ochokera kumapiri anayenda m'midzi kusaka amene anavala yunifolomu ya Afalansa. Atafika pakhomo pa Tayeb, amene anaimirira pachitseko anali Djemaa, mkazi wamasiye wa Lakhdar.

"Ameneyu musiyeni. Ankangosesa mchenga ngati mkazi pabwalo. Ndi mlamu wa ngwazi yanu ija."

Anyamatawo anaseka n'kupitirira.

Kuyambira chaka chimenecho Tayeb ankayamba kulima munda wa balere wa Djemaa, wake pambuyo. Denga la mayiyo likadontha ankakwera yekha. Ana a Lakhdar ndiye anawakwatitsa. Koma Djemaa akabwera kumunda ndi mkate wa kesra wotentha ndi mafuta a azitona, iye ankati m'mimba simuli bwino.

"Alamu, m'mimba mwanumo mumangodwala pakabwera chakudya changa?"

"Ikani pamwalapo, ndidya."

Mkatewo ankapatsa abusa odutsa. Ouarda anamukalipira kambirimbiri kuti akunyozetsa banja. Anakalamba ali wolemekezeka m'mudzimo, ndipo pamwambo wokumbukira ophedwa pankhondo ankamupatsa mpando wakutsogolo, pafupi ndi Djemaa. Ankakhalapo mpaka mwambo kutha, manja ali pamaondo.