Envulopu ya khaki pamaliro a ku Chinsapo

Ntchito yanga yoyamba inali ya umesenjala kwa loya wina m'tauni. Anandipezera ndi malume. Sukulu ndinalekezera Sitandade 8, koma njinga ndinali nayo ndipo njira za Lilongwe ndinkazidziwa.

Ntchito yake inali kupereka masamani. Umampeza munthu wosumiridwayo, kumupatsa pepala m'manja, kulemba tsiku ndi nthawi, kenako kukalumbira kuti walandira. Akapanda kuyankha masiku ake n'kutha, khoti limagamula iye kulibe.

Chaka chachiwiri kunabwera Tadala, mayi wophunzira zamalamulo, kudzaphunzira ntchito patchuthi. Ankafuna kudzakhala loya wa milandu ya malo, nyumba ndi mapangano, osati ya kupolisi. Ankayenda ndi pepala la maphunziro oti asankhe. Tsiku lina anafunsa bwana kuti ayambe ndi liti: malamulo a malo, a umboni, kapena kayendetsedwe ka milandu.

“Kayendetsedwe,” anatero bwana. “Kukhoti sapambana wolungama. Amapambana amene pepala lake lafika. Pita ndi uyu ukaone.”

Tinali ndi samani ya Nachisale, mayi wamasiye wa ku Chinsapo. Mlamu wawo ankati puloti ndi nyumba zinali zake. Ndinali nditapitako katatu osawapeza, chifukwa ankalawirira kokaoda tomato. M'mawa umenewo mlamuyo anaimba foni: “Lero muwapeza. Sachoka.”

Titafika tinaona masamba pamsewu. Maliro. Mwana wamkazi wa Nachisale anali atamwalira. Ndinaimbira bwana.

“Wamwalira ndi wosumiridwayo?”

“Ayi, bwana.”

“Ndiye ukundiimbiranji? Ukabwera nalo pepalalo, usabwerenso mawa.”

Ndinavula chipewa n'kupempha kukapepesa. Nachisale anali pamphasa, maso otupa. Ndinagwada n'kuwapatsa envulopu ya khaki. Pamaliro envulopu ndi chipepeso. Anailandira ndi manja awiri.

“Zikomo, bambo. Mulungu akudalitseni.”

Anaipereka kwa abambo osonkhanitsa zipepeso. Panja Tadala anayang'ana wotchi.

“Lembani, 10:40.”

“Sanadziwe kuti n'chiyani,” ndinatero.

“Mwawapatsa m'manja?”

“Eya.”

“Ndiye basi.” Nthawiyo analemba yekha.

Ndinakalumbira. Abambo aja atatsegula anaona Chingerezi chokhachokha, n'kuika pepalalo pambali. Masiku anatha. Khoti linagamula. Patapita miyezi, katundu wa Nachisale anali panja.

Bwana anamuuza Tadala kuti waphunzira zambiri kuposa za chaka chonse. Iye anatenga pepala lake lija n'kuchonga kayendetsedwe ka milandu pamwamba. Lero ndi loya. Akandiona pakhoti amayang'ana kumbali.

Ntchitoyi ndikuigwirabe, kwa loya wina. Envulopu sindiperekanso yomata. Ndimatsegula, n'kunena m'Chichewa: “Mwasumiridwa, muyankhe masiku asanathe.” Ena amatukwana. Wina anandikhwizira galu. Zili bwino.

Nachisale pano amachita lendi ku Mtsiliza, amagulitsa tomato pamsewu. Sadziwa kuti pepala lija linachokera kwa ine. Ndikamadutsa amandiitana.

“Si inu munabwera pamaliro a mwana wanga?”

Ndipo amandiwonjezera tomato mmodzi.